Mmene Mungayendere Pakati pa Matanthwe ndi Mapanga a Chongoni

Munthu wochokera ku Ntcheu pa msewu wa M1 amayamba kuona mapiri a miyala asanafike n'komwe pa Lizulu, ndipo akamalowa m'tauni ya Dedza amakhala atazingidwa nawo mbali zonse. Ambiri a ife tinazolowera kuwaonera pa windo la minibasi, moti sitiganizako zoti tsiku lina tingatsike n'kulowa pakati pawo ndi mapazi athu. Komatu kumpoto kwa tauniyi, m'nkhalango ya Chongoni ndi m'mapiri oizungulira, muli miyala ya maonekedwe odabwitsa. Ina ndi yaikulu kuposa nyumba koma inakhazikika pa kamwala kakang'ono, ina inang'ambika pakati mowongoka, ina inatsamirana n'kusiya mthunzi wouma pansi pake. M'mithunzi imeneyi ndi momwe muli zithunzi zakale zimene zinachititsa bungwe la UNESCO kuika dera la Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse mu 2006. Deralo ndi lalikulu masikweya kilomita 126.4, ndipo muli malo 127 okhala ndi zojambula pa miyala.

Mfundo yoyamba kuisunga mumtima ndi yakuti mapiri amenewa si tchire lopanda mwini. Ali ndi midzi m'munsi mwake, ali ndi mafumu, ali ndi manda ndi madambwe, ndipo zina mwa zojambula za m'mapangamo n'zokhudza miyambo imene anthu a m'midzi yomweyo akuisungabe lero. Amene akupita kumeneko ayende ngati mlendo pa mudzi wa eni, ndipo malangizo onse otsatirawa, ngakhale a nsapato ndi madzi, akuchokera pa mfundo imeneyi.

Nyengo ndi kusankha phiri

Nthawi yabwino ndi kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, pamene mvula yatha, matanthwe auma, ndipo mlengalenga simunadzaze utsi wa moto wa tchire. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Dedza kumazizira kwambiri, pakuti tauni yokhayo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mapiri a Dedza ndi Chongoni amafika cha m'ma 2,200. Nkhungu imatha kutsika mwadzidzidzi n'kuphimba njira imene mumaiona bwinobwino mphindi zochepa zapitazo, choncho juzi ndi jekete zisatsale kunyumba ngakhale m'mawa kutacha bwino. Mu Meyi udzu umakhala udakali wautali ndiponso wa mame, ndipo chitedze chimakhala chitakhwima m'mbali mwa tinjira ta m'zigwa. Valani buluku lalitali ndi malaya a manja aatali. Mu Seputembala ndi Okutobala njira zimaoneka bwino chifukwa udzu unapsa, koma thanthwe limatentha kwambiri masana ndipo utsi umabisa malo akutali. M'dzinja nkhalango imakongola, bowa amamera, ndipo kumayambiriro kwake masuku amakhala akupsa, koma ndi nyengo imene mwala umaterera ndipo mphezi zimakonda nsonga za mapiri. Amene sanazolowere kuyenda pa miyala ndi bwino adikire chilimwe.

Malo atatu ndiwo odziwika kwa alendo: Chentcherere, Mphunzi ndi Namzeze. Chentcherere ili pafupi ndi sukulu ya ukachenjede ya za nkhalango ya Malawi College of Forestry and Wildlife, ndipo chikweza chake n'chachifupi, moti ndi poyambira pabwino kwa banja lokhala ndi ana kapena achikulire. Ku Mphunzi mapanga ali angapo m'mbali mwa phiri limodzi, ndipo munthu amayenda kuchoka pa lina kupita pa lina pakati pa minda ndi miyala ikuluikulu. Kwa ine uku ndiye kumene munthu amaona bwino kusiyana kwa zojambula zofiira ndi zoyera. Ku Namzeze kumafuna mphamvu ndi nthawi, chifukwa phanga lake lili pamtunda ndipo njira yake ndi yokwera. Musayese kumaliza malo atatuwa tsiku limodzi. Mukatero mudzathera tsiku pa kabaza ndi m'fumbi, ndipo pa miyala penipenipo mudzangodutsa mothamanga. Amene akufuna kuyesa miyendo yake kaye angakwere phiri la Dedza, lomwe lili ndi msewu wodutsa m'mitengo ya paini mpaka ku nsanja za mafoni ndi wailesi. Kukakhala kopanda mitambo ndi utsi, munthu amaona nyanja chakum'mawa ali pamwamba.

Zonyamula n'zochepa. Madzi akumwa asachepere malita awiri pa munthu, chifukwa timitsinje ta m'phiri timauma m'chilimwe. Kamba akhale wosavuta: mbatata yophika, kachewere, nthochi, mtedza kapena zitumbuwa. Tengani chipewa, ndodo yolimba, tochi, foni yodzaza moto, ndi ndalama za mapepala ang'onoang'ono, popeza netiweki imasowa kuseri kwa mapiri ndipo simungadalire kulipira pa foni. Nsapato zikhale za labala kunsi kwake, zogwira bwino phazi ndiponso zozoloweredwa kale. Masilipasi ndi nsapato za ku ofesi zosalala kunsi ndi zimene zimabweretsa ngozi zambiri pa thanthwe.

Yambani ndi anthu

Nyamukani m'mamawa kuti mufike m'munsi mwa phiri dzuwa lisanakwere, ndipo uzani munthu wa kunyumba phiri limene mukupita ndi nthawi imene mukuyembekeza kubwerera. Mukafika pa mudzi wa m'munsi, musalunjike ku phiri. Imani pa bwalo la nyumba yoyandikira, nenani kuti "Odi kuno," ndipo mukalandiridwa perekani moni mokwanira musanatchule chimene mwadzera. Kenako munganene kuti, "Amayi, ndife alendo, tabwera kudzaona mapanga. Kodi a mfumu tingawapeze kuti, kapena alipo amene amaperekeza alendo kuphiri?" Malo a zojambula ali m'manja mwa nthambi ya boma yosamalira zinthu ndi malo akale ya Museums and Monuments, ndipo nkhalango ili m'manja mwa nthambi ya za nkhalango, choncho ngati pali wogwira ntchito wa boma kapena woyang'anira malo, anthu a pamudzi ndiwo adzakulozereni. Za malipiro a wokuperekezani mugwirizane musananyamuke, momasuka ndi mwaulemu, kuti pobwera pasakhale kunyinyirika.

Woperekeza ndi wofunika pa zifukwa zoposa kudziwa njira. Mapanga ambiri saoneka kufikira munthu utafika pakamwa pake, ndipo mlendo angadutse mamita khumi kuchokera pa chithunzi cha zaka mazanamazana osazindikira kanthu. Koma chachikulu n'chakuti woperekeza amadziwa kumene simuyenera kupita. Kamsitu ka mitengo yowirira kamene katsala kokha pakati pa minda kawirikawiri kamakhala manda, ndipo pafupi ndi manda ndi pomwe pamakhala dambwe. Munthu wosalowa gule saloledwa kufika kumeneko, ndipo kusadziwa sikumuchotsera mlandu. Woperekeza akanena kuti, "Achimwene, uko sitipita, tiyeni tizungulire," musafunse chifukwa chake kapena kuumirira kuti njira ya uko ndi yachidule. Mukakumana ndi Gule Wamkulu panjira, makamaka m'miyezi ya pambuyo pa kukolola pamene miyambo imachuluka, patukani, dzichepetseni, bisani foni, ndipo chitani zimene woperekeza wanu akuchita. Guleyu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, koma kulengezedwako sikunamusandutse chionetsero cha aliyense wodutsa.

Njira zambiri zimayambira m'minda. Yendani m'malire, osadula pakati pa mizere, ndipo musathyole nzimbe, mapichesi kapena china chilichonse popanda kupempha.

Kuponda pa thanthwe

Mwala wa m'mapiri amenewa ukakhala wouma umagwira nsapato bwino kwambiri, kuposa mmene munthu angaganizire akauyang'ana ali pansi. Cholakwika chimene oyamba kumene amachita ndicho kuwerama kwambiri n'kumakwawa ndi manja chifukwa cha mantha. Munthu akatsamira kutsogolo motero, kulemera kwa thupi kumachoka pa mapazi ndipo nsapato zimayamba kutsetsereka. Imani mowongoka, pondani ndi phazi lonse osati ndi zala zokha, ndipo yendani mapazi afupiafupi. Pamene pali potsetsereka kwambiri musalunjike pamwamba. Kwerani mokhotakhota, mukutsata ming'alu ndi timabampu timene phazi lingakhazikikepo. Musanakwere paliponse, tembenukani muyang'ane kumbuyo ndi kudzifunsa ngati mudzatha kutsika pomwepo, chifukwa pa thanthwe kutsika n'kovuta kuposa kukwera, ndipo anthu ambiri amene amakakamira pa miyala amakhala atakwera mosavuta malo amene sangathe kutsikapo.

Samalani ndi mizere yakuda imene imatsika pa matanthwe kuchokera pamwamba. Imeneyo ndi njira ya madzi, ndipo pamakhala ndere zimene zimaterera koopsa zikangonyowa, ngakhale ndi mame okha. Masamba ouma ndi timiyala tating'ono timene timaunjikana m'munsi mwa thanthwe nato timagubuduza phazi. Udzu womera pa dothi lopyapyala la pamwamba pa mwala musaugwire kuti ukukokereni m'mwamba. Mizu yake sinalowe pansi, ndipo umazuka ndi dothi lake lomwe. Pamene mwala waoneka kuti wasendeka, gogodani ndi ndodo: ukalira mopepuka mosonyeza kuti pansi pake pali mpata, pondani pena. Kudumpha kuchoka pa mwala wina kupita pa unzake kusiyeni, ngakhale anyamata a m'mudzi akuchita zimenezo pamaso panu, pakuti iwo anakulira pomwepo ndipo amadziwa mwala umene umagwedera. Mukakhala gulu, musayende wina pansi penipeni pa mnzake, kuopa mwala umene wa pamwamba angaugwetse.

Manja musawalowetse m'ming'alu kapena pansi pa miyala musanayang'anemo. Njoka zimakonda malo otere, ndipo mphiri, imene siithawa munthu msanga, imagona m'masamba ouma m'mbali mwa njira. Wina akalumidwa, musacheke pa bala kapena kumanga mwendo mothina. Mukhazikeni bata, asayende ngati n'kotheka kumunyamula, ndipo thamangirani naye ku chipatala. Njuchi nazo zimamanga m'ming'alu ya matanthwe. Mukamva kulira kwake, kapena mukaziona zikulowa ndi kutuluka pa mng'alu umodzi, bwererani mwakachetechete popanda kukupiza manja, ndipo pa ulendo wotere musadzole mafuta onunkhira kwambiri. Anyani mudzawamva akukuwa pa matanthwe, musawaponyere chakudya. Mitambo yakuda ikayamba kusonkhana ndipo mabingu akamveka, tsikani pa nsonga nthawi yomweyo, ndipo musaime pakamwa pa phanga losaya kapena pansi pa mtengo woima wokha.

Kuwerenga miyala

Ulendowu umakoma kwambiri munthu akadziwa chimene chinaumba miyala imene akuiona. Mwala umenewu, umene akatswiri amautcha granite, sunapangikire pamtunda pomwe uli lero. Unali mwala wosungunuka ndi kutentha pansi penipeni pa nthaka, ndipo unazizira pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali zedi. N'chifukwa chake mukagwada n'kuuyang'anitsitsa mumaona timibulu tosiyanasiyana tolumikizana, toyera, totuwa ndi takuda, tina tonyezimira dzuwa likawala. Mwala wozizira msanga sukhala ndi timibulu toonekera chotero. M'kupita kwa zaka mamiliyoni ambiri, miyala yofewa ndi dothi zimene zinali pamwamba pake zinakokoloka, ndipo mwala wolimbawo unatsala poyera. Mapiri amene tikuwaona ndi zotsala zimenezo.

Mwalawo unang'ambika ming'alu yowongoka, ina yoimirira ina yopingasa, imene inaugawa m'zidutswa zazikulu za ngodya. Madzi a mvula ankalowa m'ming'alumo mwalawo udakali wokwiririka, n'kumaufumbutsa pang'onopang'ono. Popeza ngodya imadyedwa kuchokera mbali zitatu pamene malo osalala amadyedwa mbali imodzi yokha, ngodya ndi zimene zinkayamba kutha, ndipo chidutswa chilichonse chinkasanduka chobulungira. Dothi lofumbutsidwalo litakokoloka, zidutswazo zinatsala zitasanjikizana monga mmene zinalili pansi. Choncho mwala waukulu umene mukuuona utakhala pamwamba pa unzake, wooneka kuti mphepo ingaugwetse, kawirikawiri sunagubuduzike kuchokera kwina; unaumbikira pamalo pomwepo. Mungadzitsimikizire nokha: yang'anani mng'alu wa pa mwala wa pansi, ndipo nthawi zambiri mudzaona kuti ukupitirira molunjika pa mwala wa pamwamba.

Matanthwe aakulu osalala amasendeka zikhungu ngati anyezi. Katundu wa miyala ya pamwamba atachoka, mwala wa pansi unafutukuka pang'ono n'kung'ambika motsata maonekedwe a phiri, ndipo kutentha kwa masana, kuzizira kwa usiku ndi moto wa tchire zimathandizira kusendekako. Zidutswa zopyapyala zimene mumazipeza zitaunjikana m'munsi mwa thanthwe zinachokera pamenepo. Pamwamba pa matanthwe athyathyathya mudzaona timaenje tozungulira momwe madzi a mvula amadikha, ndipo madzi odikhawo ndiwo amakulitsa timaenjeto chaka ndi chaka. Onaninso mitengo ya mtundu wa kachere imene imamera pa mwala weniweni, mizu yake yotuwa ikutsika m'ming'alu kufunafuna chinyezi. Mizuyo ikamakula imakankha mng'alu mpaka mwala kugawanika. Mapanga a kuno si maenje akuya a mdima. Ambiri ndi mithunzi chabe, pomwe mwala wina unatsamira pa unzake kapena pomwe kunsi kwa mwala kunadyeka n'kusiya denga. Malo otere ndi ouma, otetezeka ku mphepo, ndipo munthu amaona chigwa chonse ali pamenepo, n'chifukwa chake anthu akhala akuwagwiritsa ntchito kuyambira kalekale.

Chenjezo laling'ono: mizere yoyera yokhuthala imene mungaione m'munsi mwa ming'alu, pafupi ndi timibulu ta ndowe touma, si zojambula. Ndi mkodzo wa mbira za m'miyala, zimene zimachitira chimbudzi pamalo amodzi kwa zaka zambiri.

Mukafika pa phanga

Musalowe nonse nthawi imodzi. Ikani zikwama ndi ndodo panja, kuti zisakhule khoma potembenuka, ndipo lowani awiri kapena atatu, mukuyenda mosafukula fumbi. Fumbi limamatirira pa zojambula n'kuziphimba pang'onopang'ono. Komanso dothi limene mwapondalo si dothi wamba. Mu 1972 katswiri wa zofukula zakale J. Desmond Clark anakumba pa phanga la Mwana wa Chentcherere ndipo anapeza zipangizo za miyala, mafupa ndi mapale, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anasonyeza kuti mafupa a anthu opezeka pamalopo ndi a zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Phale kapena kamwala kosemedwa kamene mungakaone pansi kasiyeni pomwepo. Kakachotsedwa pamalo pake kamataya pafupifupi zonse zimene kakanatiuza.

Khalani pansi mtunda wa mapazi awiri kapena atatu kuchokera pa khoma, ndipo dikirani mphindi zingapo kuti maso, amene anali pa dzuwa, azolowere mthunzi. Zoyera zimaoneka msanga. Zofiira zimatuluka pang'onopang'ono, ndipo pamalo pamene poyamba mumaona mwala wokhawokha mumayamba kuona mizere yoyandikana, madontho, zozungulira zokhala ndi zinzake m'kati, zina zotulutsa mizere mbali zonse, ndi zina zogawidwa m'timagawo. Sunthani mutu muyang'ane cham'mbali, chifukwa kuwala kobwera mopendekera, makamaka kwa m'mawa ndi kwa madzulo, kumaonetsa zimene kuwala kwa masana kumabisa. Zofiirazi ndi zakale kwambiri, ndipo zimagwirizanitsidwa ndi Akafula kapena Abatwa, alenje ndi otola zipatso amene ankakhala m'derali alimi asanafike, omwe agogo athu ankawasimba m'nthano ndi dzina lakuti Amwandionerapati. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera lopakidwa ndi chala, ndipo n'zokhuthala moti mungaone mmene chalacho chinayendera. Pamene mitundu iwiriyi yakumana, yang'anitsitsani: choyera chimakhala pamwamba pa chofiira, ndipo umenewo ndi umboni umene maso anu angauone wa chimene chinayamba.

Zoyerazo zili m'magulu awiri. Zina ndi zooneka ngati nyama yoonedwa kuchokera pamwamba, miyendo itatambasuka, kawirikawiri zokhala ndi madontho, ndipo ofufuza amazigwirizanitsa ndi chinamwali cha atsikana ndi maphunziro a anamkungwi. Zina zimaonetsa zilombo za Nyau, monga kasiyamaliro, ndipo zimagwirizanitsidwa ndi nyengo imene gule ankachitikira mobisa m'mapiri, kuyambira nthawi ya nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800 mpaka pamene amishoni ndi boma la atsamunda ankalimbana naye. Kujambula kumeneku kunapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900. Ichi ndicho chimasiyanitsa Chongoni ndi malo ena ambiri a zojambula pa miyala: kuno adzukulu a ojambulawo alipo, ndipo miyambo yake ikuchitikabe m'midzi ya m'munsi mwa phiri.

Chifukwa cha chimenechi, pali mafunso amene sadzayankhidwa, ndipo n'koyenera kutero. Woperekeza angakuuzeni dzina la phanga, mbiri yake, ndi mtundu wa chojambula, koma mukafunsa tanthauzo lenileni la chithunzi cha chinamwali kapena cha Nyau angangoyankha kuti, "Zimenezo n'za akuluakulu." Landirani yankho limenelo. Musamukakamize ndi ndalama, ndipo musamuyese mbuli. Ngakhale inu mutakhala wolowa ndipo mukudziwa, musamasulire pagulu pomwe pali ana ndi osalowa.

Zoletsedwa pa khoma n'zodziwikiratu, koma ziyenera kunenedwa chifukwa zikuchitikabe. Musakhudze chojambula, ngakhale ndi nsonga ya chala, pakuti thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa ndipo dothi loyera limanyenyeka. Musathire madzi kuti mitundu iwale pa chithunzi cha foni. Mchitidwe umenewu ndi umene umandipweteka mtima kwambiri, chifukwa wochitayo amaganiza kuti sakuononga kanthu, pomwe madzi amasungunula dothi loyera ndipo akauma amasiya mchere umene umasendetsa utoto. Musalondole mizere ndi choko kapena khala, musalembe dzina lanu kapena la sukulu yanu, ndipo musasonkhe moto m'phanga, chifukwa mwaye umaphimba zojambula ndipo kutentha kumang'amba khungu la mwala. Dzina lolembedwa ndi khala pa chojambula n'lovuta kulifufuta popanda kuononga chojambulacho. Malo amenewa ndi otetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990, ndipo nkhalango yake ndi lamulo la za nkhalango la 1997. Kujambula ndi foni kapena kamera pemphani kaye kwa woyang'anira malo. Mukaloledwa, imani chapatali n'kukokera chithunzi pafupi m'malo moyandikira khoma.

Aphunzitsi obwera ndi ana a sukulu achite bwino kufotokoza zonsezi ali m'munsi mwa phiri, ana asanatope ndiponso asanatengeke. Choko, makala ndi zolembera za inki zitsale m'chikwama cha mphunzitsi. Ana alowe m'timagulu ta awiri kapena atatu, manja ali kumbuyo, ndipo amene akudikira panja apatsidwe pepala ndi pensulo kuti ajambule maonekedwe a mwala kapena chithunzi chimene achiona. Mwana amene wakhala mphindi khumi akukopera zozungulira zofiira pa pepala amaziona bwino kuposa amene wangojambula ndi foni. Chakudya chidyedwe panja pa phanga, ndipo majumbo, mabotolo ndi makoko zibwerere nanu kumudzi.

Kutsika

Yambani kutsika dzuwa lidakali pamtunda, chifukwa kuseri kwa phiri kumada msanga ndipo m'nyengo yozizira mphepo imalimba dzuwa likangopendeka. Ngozi zambiri zimachitika potsika, miyendo itatopa ndipo maganizo ali kale kunyumba. Pindani mawondo pang'ono, tsogozani ndodo, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri tembenukani muyang'ane ku mwala n'kutsika chafutambuyo, kapena khalani pansi n'kutsika pang'onopang'ono. Palibe chamanyazi pamenepo. Tsatani njira imene munakwerera. Njira yachidule yooneka bwino muli pamwamba imatha kuthera pa phompho limene silioneka kufikira mutafika m'mphepete mwake. Nkhungu ikakupezani, imani pamodzi pamalo otetezeka, valani zofunda, ndipo dikirani kuti ipungule m'malo mongoyenda mwachimbulimbuli.

Mukafika m'mudzi, tsanzikani kwa amene anakulandirani, kuti adziwe kuti alendo atsika onse, ndipo perekani kwa woperekeza zimene munagwirizana. Ngati mwaona zolembedwa zatsopano pa khoma, phulusa la moto m'phanga, uvuni wa makala pafupi ndi malo a zojambula, kapena anthu akuswa miyala, uzani woyang'anira malo ndi a mfumu, ndipo tchulani phanga lake ndi tsiku limene mwaona. Wa kabaza amene anakubweretsani mugwirizane naye m'mawa momwe za nthawi yodzakutengani ndipo musunge nambala yake, chifukwa madzulo njinga zimasowa m'misewu ya fumbi yopita ku M1. Mukafika kunyumba, fufuzani m'miyendo, m'chiuno ndi m'khwapa ngati muli nkhupakupa, makamaka ngati munadutsa mu udzu wautali momwe ng'ombe ndi mbuzi zimadya.